Fomu ya msonkho ku Japan sidziwa kuti amayi ndiwo amagawa

Mwezi wa Novembala ukafika kuno ku Japan, pafupifupi aliyense wolembedwa ntchito amalandira mafomu otchedwa nenmatsu chosei. Chaka chonse kampani imadula msonkho pa malipiro mongoyerekeza, ndipo kumapeto kwa chaka imawerengetsa bwinobwino. Ngati idadula wochuluka, ndalamayo imabwerera pamodzi ndi malipiro a Disembala kapena Januwale. Ngakhale ife ophunzira, amene timaloledwa ganyu wa maola 28 pa sabata, mafomuwa amatipeza.

Alendo ambiri amadandaula za zilembo za Chijapani. Kwa ine limenelo ndi vuto laling'ono, chifukwa mnzako akhoza kukuwerengera. Povuta ndi pamene fomu ikufunsa achibale amene ukuwasamalira. Kwathu PAYE imangodulidwa, palibe amakufunsa kuti pakhomo pako pamadya angati. Kuno yankho lako ndi ndalama.

Wachibale wa zaka 16 kupita m'tsogolo amachotsetsa mayeni 380,000 pa ndalama zimene boma likuwerengerapo msonkho. Wa zaka 19 mpaka 22 amachotsetsa 630,000. Kwa munthu amene msonkho wake uli pa 10 peresenti, wachibale mmodzi amapulumutsa mayeni pafupifupi 70,000 pa chaka, mukaphatikiza ndi msonkho wa kudera lomwe akukhala. Imeneyo si ndalama yoisiya pansi.

Achibale okhala kunja kwa Japan amawerengedwa, koma kuyambira 2016 pamafunika umboni uwiri: chikalata chosonyeza ubale, monga satifiketi ya kubadwa, ndi malisiti otumizira ndalama. Zikalata za m'chinenero china zimafunika kumasuliridwa m'Chijapani. Mu 2023 lamulo lidakhwimanso. Wachibale wa zaka 30 mpaka 69 sawerengedwa pokhapokha ngati ndi wolumala, adachoka ku Japan kukaphunzira kunja, kapena mwamutumizira mayeni osachepera 380,000 m'chakacho.

Apa ndi pomwe makhalidwe athu amasemphana ndi fomu. Ambirife timatumiza ndalama kwa munthu mmodzi, kawirikawiri amayi. Iwo ndiwo amadziwa kuti iyi ndi fizi ya mlongo wanu, iyi ya feteleza, iyi ya mankhwala a agogo. Koma lamulo limafuna lisiti la wachibale aliyense payekha. Mukatumiza zonse m'dzina la amayi, pamaso pa boma mukusamalira munthu mmodzi basi. Ndalama yopatsira mnzanu amene akupita kumudzi ilibe umboni uliwonse.

Ofesi ya msonkho sindiyinena. Wogwira ntchito ku Tokyo sangawone mphika wa pakhomo pathu, amangowona pepala, ndipo popanda lamuloli wina akhoza kulemba mudzi wonse. Komabe zimandipweteka kuti kugawana, komwe kwathu ndi ulemu, kuno kumakhala ngati sikudachitike. Kutumiza kwa mlongo wanu mwachindunji kungawoneke ngati mwasiya kuwakhulupirira amayi. Nkhaniyi imafuna kuti muwaimbire kaye ndi kuwafotokozera modekha, asamve kwa ena.

Nchifukwa chake ndimati fomu ya Novembala imayamba kulembedwa mu Januwale. Sankhani msanga achibale amene mudzawalembe. Aliyense azilandira m'dzina lake, lolembedwa monga lilili pa chiphaso chake. Sungani lisiti lililonse. Amene mwasintha ntchito chaka chili mkati, tengani gensen choshuhyo ku kampani yakale, chikalata chosonyeza malipiro ndi msonkho umene adadula, chifukwa popanda icho kampani yatsopano singawerengetse.

Mapepala akachedwa, khomo silinatsekedwe. Mukhoza kukapereka nokha ku ofesi ya msonkho kudzera mu kakutei shinkoku, kuyambira pa 16 Febuluwale mpaka pa 15 Malichi, ndipo ndalama yobwezedwa mungaifunse mpaka patatha zaka zisanu. Chimene simungabweze ndi ndalama imene idapita kale m'dzina la munthu mmodzi. Musanatumize ya mwezi uno, yang'anani dzina limene mukulemba.