Tsiku Limene Lamya Yanga Inapita Kusukulu

Mdzukulu wanga wa mu Sitandade 5 atandigwadira madzulo ena nati, "Agogo, aphunzitsi akupempha kuti mundibwereke lamya yanu maŵa," ndinakana kwamtuwagalu. Lamya ya m'manjayo ndiyo ndimalandirirapo ndalama za feteleza zochokera kwa ana anga kutauni, ndiponso ndinali kukhulupirira kuti zipangizo zotere zimapulukiza ana. Koma mtsikanayu anali kubwereza kalasi chifukwa cha masamu, ndipo agogo ake aakazi anandikumbutsa kuti anali atayamba kale kunena zosiya sukulu. Chotero m'maŵa mwake ndinaika lamyayo m'thumba ndi kutsagana naye ndekha.

Lamya zinapezeka zisanu ndi imodzi, ndipo mphunzitsi anagaŵa ana m'magulu asanu ndi limodzi. Iye anali atabisa timapepala pabwalo la sukulu, kena pansi pa mwala, kena pamphanda ya mtengo wa mango. Pa kapepala kalikonse analembapo fulakishoni, monga 1/2, 1/4 kapena 3/8. Gulu likapeza kapepala, linayenera kusaka chinthu chenicheni chosonyeza gawo limenelo, kuchijambula ndi lamya, ndi kuthamangira kwa mphunzitsi ndi chithunzicho. Iye akavomera, anali kuŵalozera kumene kunabisala kapepala kena.

Mkangano woyamba unabuka pa nzimbe. Mnyamata wina anaithyola paŵiri najambula chidutswa chimodzi, nati ndilo theka. Mdzukulu wanga, amene m'kalasi satsegula pakamwa, anatsutsa. Anagundanitsa zidutswa ziŵirizo, ndipo china chinaposa chinzake ndi mfundo yathunthu. "Ngati ndi theka, bwanji iwe wasankha chachitalicho?" anatero. Anzake anaseka, koma mphunzitsi anaimitsa maseŵera kuti onse amve: magawo akapanda kulingana, palibe theka. Ndinaona kuti mwanayu anali kuchidziŵa chinthuchi kuyambira kale, pakuti kunyumba salola kunyengedwa pogaŵana chimanga chootcha. Chimene sanadziŵe nchakuti nzeru imeneyo ndiyo yomwe imalembedwa pabolodi.

Kapepala ka 1/4 kanaŵatengera pa bawo la alonda. Bawo lili ndi maenje 32 m'mizere inayi, tsono mzere umodzi wa maenje 8 ndiwo gawo limodzi mwa magawo anayi. Pomwepo mphunzitsi anafunsa kuti chachikulu nchiti, 1/4 kapena 1/8. Ambiri anafuula kuti 1/8, popeza 8 aposa 4. Ndiulule kuti nanenso mtima unayamba wapita komweko. Anawo anaŵerenga maenje, napeza kuti 1/8 ya bawo ndi maenje 4 okha. Ogaŵana akachuluka, gawo la aliyense limachepa.

Ndili chiimire pamenepo ndinakumbukira ubwana wanga, kwacha isanabwere mu 1971. Shileni inali ndi makobiri 12. Sikisi anali theka lake, ndipo tiki anali gawo limodzi mwa anayi. Kusitolo palibe amene akanandibera, koma m'kalasi ndinakwapulidwa kangapo chifukwa cha mafulakishoni omwewo.

Sindinganene kuti masamu onse anamloŵa mtsikanayu tsiku limodzi, ndipo maseŵeraŵa ali ndi chilema chake. M'magulu ena ana aakulu anaumirira lamya, aang'ono nkumangothamanga pambuyo osagwira kanthu. Ndinamuuza mphunzitsi zimenezi, ndipo anati ulendo wina aliyense adzajambula kamodzi. Komabe madzulo ake mdzukulu wanga anatenga kope lake popanda womtuma, nandipempha kuti ndisafafanize zithunzizo.

Zikali m'lamyamo mpaka lero. Chimene ndimachiyang'ana kaŵirikaŵiri ndi cha 3/8. Anajambula zenera la kalasi yawo, la magalasi asanu ndi atatu, atatu mwa iwo ali osweka. Ndinachionetsa pamsonkhano wa makolo, ndipo tagwirizana kusonkha ndalama mvula isanagwe.