Msika Umene Ndinaupeza ku Mabvuku

M'chaka cha 2002 ndinakwera basi ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, kupita kuchiwonetsero cha Zimbabwe International Book Fair chomwe chinkachitikira ku Harare Gardens. Sindinapite monga mphunzitsi wa zilankhulo. Ananditumako ndi achimwene anga, amene anali ndi makina aang'ono osindikizira, ndipo ankagulitsanso inki, mapepala ndi timatabwa tozokota todindira zithunzi. M'chikwama ndinaikamonso Mtanthauziramawu wa Chinyanja, amene anatuluka mu 2000, kuti ndikawonetse anzathu kuti chilankhulo chathu chafika pena.

Masiku onse achiwonetserocho ndinakhala pathebulo langa ngati mlonda. Anthu ankagwira mapepala, kufunsa mtengo, n'kumapita. Amene ankatsegula mtanthauziramawu uja ankamwetulira mwaulemu n'kumubweza. Sindinapeze ogula.

Madzulo ndinkakagona ku Mabvuku, kum'mawa kwa mzindawu, kwa atsibweni anga amene anachoka ku Ntcheu m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Mthandizi, ndipo anatchona. Kumeneko ndinamva Chichewa chimene sindinachimvepo m'kalasi: chakale, cholemera, koma chovala mawu a Chishona apa ndi apo. Adzukulu awo ankamva zonse zimene agogo awo ankanena, koma ankayankha m'Chishona. Anandiuza kuti kusukulu anzawo ankawatcha Mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre, ndipo pakamwa pa mwana chilankhulo chonyozedwa sichikhalitsa.

Inali nthawi yowawa. Lamulo la unzika la mu 2001 linali litasandutsa ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo kukhala alendo, chifukwa chakuti makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique.

Usiku wotsiriza atsibweni anaitana akuluakulu a bungwe lawo lothandizana pamaliro. Anatulutsa kope long'ambika m'mene munali maina a mamembala, aliyense ndi mfumu yake ndi boma lake.

"Mphwanga," anatero, "ife kwathu sitidzafikako. Makina amenewo sangatilembere makadi m'chilankhulo chathu? Pakhale dzina, mfunda, mudzi ndi mfumu. Tikagona, ana awa adzadziwe kumene tinachokera."

"Atsibweni, zimenezo n'zotheka," ndinayankha, manyazi atandigwira. Ndinali nditatha masiku ndikufunafuna msika pakati pa mahema, pamene msikawo unkandiphikira nsima usiku uliwonse.

Kenaka mdzukulu wina wamkazi anatenga mtanthauziramawu uja n'kuyamba kuwerenga mokweza, mojejema. Atafika pa mawu amene ankawamva kwa agogo ake tsiku ndi tsiku, anafunsa modabwa ngati mawu amenewa amalembedwanso m'buku. Funso limenelo lakhala likunditsata m'ntchito yanga yonse. Ife ophunzira timalongosola bwino mmene chilankhulo chimafera m'mibadwo itatu: agogo amachilankhula, ana amachisakaniza, adzukulu amangochimva. Koma sitifulumira kuvomereza kuti mwana amalemekeza chilankhulo chimene wachiwona chitadindidwa ndi inki.

Makadiwo tinawasindikiza n'kuwatumiza pa basi yomwe ija. Phindu lake silinakwane ngakhale mtengo wa ulendo. Bukulo ndinamusiyira mtsikanayo.

Mu 2013 malamulo atsopano oyendetsera dziko la Zimbabwe anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo anatsegulanso khomo la unzika kwa ana a matchona obadwira komweko. Atsibweni sanaziwone zimenezi. Anagona ku Mabvuku, khadi lawo lili m'Baibulo. Lamulo lachipatsa chilankhulo chathu mpando, koma lamulo silisindikiza buku. Ntchito imeneyo ikudikira ife amene timadziwa kalembedwe kake, ndi amene ali ndi inki.