Tayala la kumanzere la Fielder ya amalume

Chithunzicho chinafika pa WhatsApp m'bandakucha, ku Leeds kudakali mdima. Chinali cha tayala la kumbuyo la Toyota Corolla Fielder, ndipo wojambula anachita kugona chafufumimba patsinde pa mango ku Chadiza kuti lioneke bwino. Mbali yakunja mano anali onse, oti n'kuyendera chaka china. Mbali yamkati inali see ngati dazi, mawaya atayamba kusuzumira. Kenaka kunabwera uthenga wa mawu wochokera kwa amalume: "Iwe, lachitatu ili chaka chino, mbali yomweyi ya kumanzere. Ogulitsawa akutibera, kapena galimotoyi anailodza?"

Wolandira uthengawo, yemwenso walemba nkhani ino, ndi mwana wa mlongo wawo, wa kwa Mlolo, amene tsopano amadyera m'galaji ya matayala ku England. Yankho lake linali lalifupi: "Amalume, musagule kaye lina. Yendetsani chikhatho patayalapo, mundiuze chimene mukumva."

Ku Britain tayala lotere silikanafika pamawaya. Galimoto ikakwana zaka zitatu imapita kukayezedwa ku MOT chaka ndi chaka, ndipo lamulo limati mano asachepere mamilimita 1.6. Wogwidwa pamsewu akhoza kulipa mpaka £2,500 pa tayala limodzi, kuphatikizapo mapointi atatu pa laisensi. Ngakhale tayala logwirapo kale ntchito saloledwa kuligulitsa popanda mano a mamilimita 2 ndi chidindo choti PART WORN. Choncho mwini galimoto akangoona kudyeka kwachilendo amathamangira ku galaji, galimoto n'kukwera pamakina okhala ndi makamera, ndipo patangopita mphindi zochepa pepala limatuluka: manambala obiriwira pamene pali bwino, ofiira pamene papotoka, pa mawilo onse anayi.

Makinawo ndi abwino, koma anyamata ambiri a kumeneko awasiyira nzeru zonse. Amadziwa kuti pafiira, koma chimene chafiiritsa alibe nacho ntchito. Amalembera mwini galimoto mtengo wa chitsulo chatsopano, basi.

Ku Chadiza makina otere munthu amawalondola ku Chipata, ndipo amalume anali atapitako kale kawiri kukachititsa alignment. Galaji imene anapitako inawongola mawilo akutsogolo okha, n'kulandira ndalama. Kumbuyo sanayang'aneko n'komwe, poti amakaniko ambiri kwathu amati mawilo akumbuyo amangotsatira ngati ngolo. Tayala likadyeka mkati, mnyamata wa pamsika amalichotsa parimu, n'kulitembenuza kuti mbali yabwino ilowe mkati. Zimagula miyezi iwiri kapena itatu. Koma matayala ena amalembedwa OUTSIDE mbali imodzi, ndipo amenewo sayenera kutembenuzidwa.

Nanga chikhatho chimamva chiyani? Tayala likadyeka m'mbali zonse ziwiri, pakati pali bwino, ndiye kuti lakhala likuyenda ndi mpweya wochepa, kapena katundu wauposa mpweyawo. Likadyeka pakati pokha, analipopa mopitiriza. Mlingo woyenera uli pakapepala komata pamphuthu ya chitseko cha dalaivala, koma kwathu mlingo ndi chidendene: amaliponda kawiri n'kunena kuti lakhuta. Likakhala ndi zigwa ndi zitunda kuzungulira konse, ngati mizere ya m'munda, ma shock anafa ndipo wilo likudumphadumpha. Dazi la malo amodzi ndi la buleki yomanga mwadzidzidzi. Mkati mukadyeka mosalala, wilo lapendekera mkati chakumwamba, zimene amakaniko amati camber. Koma ukamayendetsa dzanja chopingasa n'kumva kusalala popita, kukala ngati sowo pobwerera, wilo silikuloza kumene galimoto ikupita, likukhuzidwa cham'mbali. Imeneyo ndiyo toe, ndipo imadya mphira msanga kuposa zonsezi.

Amalume anayankha madzulo: "Likukala ngati msana wa ng'ona, komanso lili ndi tizigwa." Matenda awiri pa tayala limodzi.

Apa m'pamene mtundu wa galimoto umalowa m'nkhani. Fielder wamba, yokoka ndi mawilo akutsogolo, kumbuyo kwake kuli chitsulo chimodzi chopingasa, torsion beam, ndipo palibe bauti yoti munthu apotoze kuti awongole wilo. Manambala akalakwika ndiye kuti china chapindika kapena mabushi atha. Subaru Legacy ndi yosiyana: wilo lililonse lakumbuyo lili ndi mikono yakeyake, toe yake imasinthika, koma ikalemedwa imakhala pansi mawilo n'kutagadza, mkati n'kumadyeka ngakhale palibe chothyoka. Probox nayo ili ndi ekiselo yolimba, poti anaipangira katundu. Komabe pachitseko chake chakumbuyo a ku Japan anamatapo kuti 400kg. Amenewo ndi matumba asanu ndi atatu okha a makilogalamu 50.

Fielder ya amalume, imene anaipangira anthu asanu ndi masutikesi awo, m'nyengo yokolola imanyamula matumba khumi ndi awiri a chimanga kupita ku depoti ya FRA, mwini chimanga n'kukhala kutsogolo, mwana wake pamwamba pa matumba. Soya ndi mtedza zimayenda chimodzimodzi. Ogasiti akafika, anthu asanu ndi atatu amapanikizana kupita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Galimoto yotere ya ku Leeds katundu wake wolemetsa ndi galu ndi zogula za ku Tesco. Kumeneko chimene chimapha zitsulo za pansi ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chisanu: dzimbiri limadya sipiringi mpaka kuduka, mwini wake osadziwa. Kwathu dzimbiri ndi lochepa, koma fumbi limalowa m'ma shock, mafuta n'kutayika, ndipo msewu wa makwinya umamaliza zotsalazo.

Nanga bwanji kumanzere kokhakokha? Zambia, monga Britain ndi Japan, imayenda kumanzere. Lole ikatulukira kutsogolo, dalaivala amapatukira m'mphepete, ndipo wilo limene limagwera m'ngalande kapena pamene tara anabenthuka ndi lakumanzere, litasenza theka la tani pamutu.

Loweruka lotsatira anachita kafukufuku pa vidiyo, foni itagwiridwa ndi mdzukulu. Anaimika galimoto pakhonde la simenti la sitolo, poti pabwalo la panyumba m'potsetsereka. Anayeza kuchokera pansi kufika pamlomo wa bodi: kumanzere kunatsikirapo. Atakweza ndi jeke, makaniko wa ku Chadiza anagwira wilo pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, koma beringi inali nganganga. Shock ya kumanzere inali noninoni ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi. Kenaka anatsitsa galimoto, n'kumanga ulusi wa omanga nyumba pa njerwa, mbali zonse ziwiri, pa msinkhu wa pakati pa wilo, n'kuyeza ndi rula ya mwana wa sukulu kuchokera paulusi kufika kutsogolo ndi kumbuyo kwa rimu. Kumanja miyeso iwiriyo inangotsala pang'ono kufanana. Kumanzere wilo linaloza kunja moonekeratu. Njira ya ulusiyi si yaumphawi ayi: a mipikisano ya galimoto ku Ulaya amaigwiritsabe ntchito.

Makanikoyo, bambo wachikulire amene sanaonepo makina a makamera, anali atanena kale asanamange ulusi kuti chitsulo chapindika. Anaonera penti imene inasweka pafupi ndi habu. Iye anafuna kuchiwotcha ndi gasi n'kuchiwongola. Wa ku Leeds anakana, poti chitsulo chimenechi ntchito yake ndi kupotoka n'kubwerera, ndipo moto umachifooketsa. Anakangana mwaulemu kwa theka la ola mpaka mabandulo anatha. Mawa lake anagwirizana zoitanitsa chitsulo cha Fielder ina yophwasulidwa ku Lusaka, ndi ma shock awiri atsopano, osati imodzi.

Panatsala nkhani ya matayala enieniwo. Awiri mwa atatu amene anatha aja anali a salaula, olembedwa STUDLESS: matayala a chisanu a ku Japan, a mphira wofewa umene sulimba pa kutentha kwa Okutobala. Limodzi linali ndi manambala 2314 m'mbali, kutanthauza sabata la 23 la chaka cha 2014. Ndipo amalume atamva kuti opanga matayala monga Michelin amalangiza kuika atsopano kumbuyo, kuti galimoto isatembenuke pamsewu wonyowa, anaseka mpaka kutsokomola: "Kumbuyo kumene kulibe chiwongolero? Azungu ako ali ndi ndalama zotaya." Atsopanowo anapita kutsogolo.

Chitsulo chinafika pa basi mpaka ku Chipata, n'kumaliza ulendo pa Canter ya feteleza. Tsopano mwezi uliwonse ku Leeds kumafika chithunzi cha tayala la kumanzere, kamtengo ka machesi katazikidwa m'mano atatu: kunja, pakati ndi mkati. Mpaka pano kakumira mofanana. Pachithunzi chomaliza m'buti munkaoneka matumba asanu ndi limodzi a soya, koma pagalasi la chitseko panaonekeranso ena anayi atatsamira khoma, ndi mdzukulu ataima pambali kudikira kuti foni itsike.