Laputopu ya pa nyumba pathu ndi mabuku a amayi

Pa nyumba pathu tili ndi laputopu imodzi cabe. Tinaigula ku Lusaka ili yogwilapo kale nchito, ndipo imatumikila anthu asanu. Amayi amasungilamo mabuku a gulu lao la village banking, mng'ono wathu wa giledi 12 amawelengelapo mapepala akale a mayeso, ife ena timalembelapo makalata ofunsila nchito.

Caka catha inayamba ulesi. Tikaiyatsa tinali kuteleka madzi a tiyi, kumwa, n'kuipeza ikali kuzungulila. Malaiti akapita, batile inali kutha tisanatsegule n'komwe fayilo.

Kenako tinamva kuti pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inaleka kutumiza zokonza zaulele za citetezo za Windows 10. Windows 11 imafuna purosesa yatsopanoko ndi TPM 2.0, zimene yathu ilibe. Wokonza makompyuta wina anati tigule ina. Tinangoseka, ndalama zake tizipeze kuti?

Msuweni wathu ndiye anachula Linux Mint, mtundu wopepuka wa Xfce, umene umayenda bwino ngakhale pa RAM ya 4GB monga yathu. Ndi yaulele. Koma amayi anakanilatu. "Muli ndalama za anthu mmenemo. Zikasowa, mudzapita ndinu kukafotokoza?" Sitinawatsutse. Mu gulu lotelo, nambala imodzi ikalakwika, anthu opemphela calichi cimodzi amaleka kupatsana moni.

Conco tinayamba ndi kukopela mafayilo onse pa mafulashi awili, imodzi amayi anaimanga pa citenge. Tinacita daunilodi Mint usiku, pafupifupi 3GB, n'kuiika pa fulashi yacitatu ndi pulogalamu ya Rufus. Cimene cinatipulumutsa n'cakuti Mint imatha kuyaka kucokela pa fulashi osafufuta ciliconse. Tinatsegula fayilo ya Excel ya amayi mu LibreOffice Calc, iwo anatenga buku lao lacikuto colimba ndi magalasi, n'kuyamba kuyelekezela dzina ndi dzina, nkhongole ndi ciwongoladzanja cake. Panapita ola lathunthu, tonse tili cete. Pomaliza anavula magalasi. "Ikani."

Lomba imayaka madzi asanawile. Zovuta zilipo ndithu. Makalata ena a Word amasuntha mizele, motelo tikafuna kukapulinta ku shopu timayamba tawasandutsa PDF. Mng'ono wathu anataya gemu yake ya mpila ndipo anatikwiyila sabata yonse (ife tinaona kuti mayeso apindula). Batile nayo ikali yofooka, Mint siicilitsa zimenezo. Msuweni akuti tikapeza kandalama ticotse hadi disiki tiikemo SSD.

Pa Ciwelu capita amayi anapita nayo ku msonkhano wa gulu. Buku lacikuto colimba lija analinyamulanso.