Funso limene ndinalithawa mu Fomu 3

Anzanga a choko, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwangamu, lero ndili ndi mlandu woti ndiulule.

Mu 2013 ndinkaphunzitsa Bayoloje pa sekondale ina yoyendera cha ku Ntaja, m'boma la Machinga. Tsiku lina ndinalemba pa bolodi kuti maantibodi ndi asilikali a m'thupi. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono: "Sala, asilikaliwo munthu angawagwire n'kuwatuma ntchito?" Yankho ndinalibe. Ndinamuuza kuti zimenezo sizibwera pa MSCE, akhale pansi. Kalasi yonse inaseka.

Mwezi watha ndinakumana naye pa depoti ya Balaka. Pano ndi mayi wamkulu ndithu, amagwira ntchito mu labu ya zakafukufuku ku Blantyre. Titapatsana moni anati, "Sala, asilikali anu aja ndimawasunga mu furiji." Ndinachita manyazi, koma ndinakhala pansi kuti andiphunzitse.

Nkhani yake ili motere. M'maselo athu muli mapuloteni otchedwa kinase, mitundu yoposa 500. Ntchito yawo ndi kumata fosifeti pa puloteni inzawo, ndipo ikamatidwa imayamba ntchito kapena kuleka, ngati muja tiyatsira ndi kuzimitsa getsi. Uthenga woti selo igawikane umadutsa m'menemo, ndiye kinase ina ikakanirira osazima, pamatha kubuka khansa. Amene anatulukira kayendedwe kameneka, a Edmond Fischer ndi a Edwin Krebs, analandira mphoto ya Nobel mu 1992.

Tsono kinase sungaione ndi maikulosikopu ya kusukulu. Apa ndi pamene maantibodi amalowera, chifukwa antibodi iliyonse imagwira chinthu chimodzi chokha chimene ikuchidziwa. Akatswiri amabaya kalulu kapena mbewa ndi kachidutswa ka puloteni imene akufuna, thupi la nyamayo n'kupanga maantibodi ake. Mu 1975 a Georges Köhler ndi a César Milstein ku Cambridge anapeza njira yochulukitsira mtundu umodzi wa antibodi mu labu mosalekeza. Wophunzira wangayu amaphwanya maselo, kuyala mapuloteni ake pa kapepala kapadera, n'kuthirapo antibodi. Ngati kinase ija ilipo, pamatuluka kamzere kakuda.

Kenako anandifunsa, "Nanga inu Sala, simunayezetsepo malungo?"

Apa m'pamene ndinagwira pakamwa. Kachipangizo koyera kaja, kamene zipatala za m'Malawi muno zinayamba kugwiritsa ntchito paliponse mu 2011, kamayenderanso maantibodi opangidwa mu labu. Dontho la magazi likamayenda pa kapepala ka m'katimo, maantibodi okhala ndi utoto amagwira puloteni ya kachilombo ka malungo yotchedwa HRP2. Kutsogolo ena amaikola, utoto uja n'kuunjikana, ndiye mzere wachiwiri umene timauyembekezera mtima uli m'mwamba. Puloteniyi imatha kutsalira m'magazi masabata angapo munthu atachira, n'chifukwa chake nthawi zina mizere imatuluka iwiri mankhwala utamaliza.

Kwathu kuno malungo si nkhani ya m'buku. Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019. Ine ndemwe ndagwirizira chala cha mwana wanga kangapo konse akumutenga magazi. Yankho la funso la mtsikana uja linali pa chipatala chaching'ono chapafupi ndi sukulu, koma ine ndinabisala kuseri kwa silabasi.

Ndikuganiza za ena amene anaseka tsiku lija. Ndi angati mwa iwo anaphunzira kuti kufunsa n'kudzichotsa ulemu? Timawauza kuti safunsa anadya phula, koma akafunsa timawakhazika pansi. Uyu anapulumuka chifukwa cha khama lake. Enawo sindikudziwa.

Sabata yatha, kuno ku Ulongwe kumene ndili tsopano, ndinapempha mlangizi wa zaumoyo kuti abwere m'kalasi ndi kachipangizo kosagwiritsidwa ntchito. Anakatsegula, ana n'kuona kapepala kaja ndi maso awo. Mnyamata wina anafunsa chifukwa chake mzere woyamba umatuluka ngakhale munthu alibe malungo. Mlangizi anayankha kuti umenewo umangosonyeza kuti kachipangizoko kagwira bwino ntchito. Wina anafunsa kuti utotowo ndi wa chiyani. Tonse awiri tinayang'anana. Ndinati, "Sindikudziwa, ndikafufuza." Palibe anaseka.

Lachiwiri ndili nawonso, ndipo yankho ndalipeza: ambiri amagwiritsa ntchito tizidutswa ta golide.