Sowo Imene Ndinkati Yabuntha

M'chaka cha 2007 ndinali nditangoyamba kumene kuphunzitsa ukalipentala pa sukulu ina ya sekondale m'chigawo chapakati. M'chipinda chathu chogwiriramo ntchito munali makina awiri okha amagetsi: sowo yozungulira ya patebulo ndi rauta yokongoletsera m'mbali mwa matabwa. Matabwa athu anali a paini ochokera ku Chikangawa, chifukwa mlombwa ndi mbawa sukulu sikanakwanitsa kugula.

Kutatsala masabata 5 kuti ana a Fomu 4 ayesedwe ntchito yamanja, sowo ija inayamba kuvuta. Thabwa linkachita kukankhidwa ndi mphamvu, makina akulira mobuula, chipinda chonse chili fungo la utsi. Likatuluka, m'mbali mwake munkakhala mizere yakuda ngati lawauka pamoto. Ine sindinachedwe kugamula kuti sowo yabuntha. Ndinapempha ndalama zogulira ina, koma ndinauzidwa kuti ndidikire teremu yotsatira. Nanga teremu yotsatirayo ana angawa akanakhala ali kuti?

Tinapitiriza kuikakamiza. Tsiku lina mnyamata wina akucheka, thabwa linakanirira, kenaka linabwerera m'mbuyo ngati laponyedwa, n'kumuphonya pang'onong'ono. M'kalasi munangoti zii. Ndinazimitsa makina manja akunjenjemera. Madzulo ake ndinamasula sowoyo, ndi kupita nayo kwa mmisiri wina wachikulire wa pamsika kuti andiuze kumene amanola.

Bamboyo anaitembenuza uku ndi uku, napala dzino limodzi ndi chikhadabo. Panachoka kanthu kakuda kolimba, pansi pake pakuoneka chitsulo chowala.

“Aphunzitsi, mwana akada ndi litsiro mumamusambitsa kapena mumakatenga wina?” anandifunsa akuseka. “Sowo yanuyi ndi yakuthwa ndithu. Yangovala utomoni basi.”

“Ndiye ndichite nayo bwanji, bambo?”

“Khalani pansi apo muone.”

Anaigoneka m'chivundikiro cha ndowa ya pulasitiki, nathira palafini mpaka mano onse anamira. Patatha theka la ola anatenga mswachi wakale n'kumakwecha dzino lililonse, kutsogolo, m'mbali ndi m'mipata. Palafini anada bii. Atapukuta ndi nsanza, sowo inali ngati yangotuluka m'sitolo. M'mawa mwake inadya thabwa lomwe lija mosavuta, popanda utsi. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndinavomereza.

Zimene zinachitikazi ndinazimvetsa bwino pambuyo pake. Paini ali ndi utomoni wambiri, makamaka thabwa likakhala losauma bwino. Sowo ikamazungulira imatentha, ndipo utomoni umasungunuka n'kusakanikirana ndi utuchi. Ukazizira umauma gwa pa mano. Dzino la sowo limapangidwa lotambalala pang'ono kuposa thupi la sowoyo kuti m'mbali muzitsala mpata. Utomoni ukatseka mpata umenewu, sowo imakhuzana ndi thabwa, kutentha kumawonjezeka, ndipo utomoni wina umamatirira pamwamba pa woyambawo. Apa ndiye thabwa limapsa, makina amalemedwa, ndipo wocheka amayamba kukankha ndi mphamvu, chimene chili chiyambi cha ngozi. Mukazilekerera, kutentha komweko kumadzabunthitsadi mano.

Timipeni ta rauta timavutika chimodzimodzi, mwinanso kuposa, popeza rauta imazungulira maulendo oposa 20,000 pa mphindi imodzi. Nditabwerera ndinakatiyang'ana, ndipo tonse tinali titada. Koma apa pali zofunika kusamala. Kampeni kena kamakhala ndi bering'i kunsonga kwake. Bering'iyo muyambe mwaichotsa musanaviike, chifukwa palafini amatsuka girisi wa m'kati mwake ndipo ikauma imagwira n'kuwotcha thabwa. Komanso mwendo wa kampeni, umene umalowa m'makina, uzikhala woyera ndi wouma. Mukaupaka mafuta ungathe kuterereka makina ali m'kati mozungulira.

Mphunzitsi mnzanga, ngati palafini palibe, madzi ofunda a sopo waufa amathandizanso, kungoti pamafunika kuviika nthawi yotalikirapo ndi kuumitsa bwinobwino, apo ayi dzimbiri silichedwa. Mukapukuta, pakani timafuta pang'ono pathupi la sowo. Pali zinthu ziwiri zimene ndimaletsa ana anga. Choyamba ndi kupala mano ndi mpeni, msomali kapena bulashi yawaya wachitsulo. Masowo ambiri amakina ali ndi timitu ta kabaidi tomatidwa kunsonga kwa mano. Kabaidi ndi wolimba zedi koma sachedwa kubenthuka, choncho mswachi kapena bulashi ya bulasi ndi zokwanira. Chachiwiri ndi soda wa kositiki ndi mankhwala aukali otsukira uvuni. Amachotsadi utomoni msanga, koma amawotcha khungu ndi maso, ndipo ena mwa opanga masowo amachenjeza kuti angawononge timitu tija. Musaiwalenso kuzula pulagi musanamasule chilichonse, ndi kutsukira panja, kutali ndi moto ndiponso mulu wa utuchi.

Nanga sowo yobunthadi mungaidziwe bwanji? Muyambe mwaitsuka, kenaka muiyang'ane padzuwa. Dzino lakuthwa silinyezimira kunsonga kwenikweniko. Mukaona kamzere kowala pamenepo, kapena pobenthuka, ndiye kuti ikufunika kunola. Tupa wamba sangathe kabaidi. Amanolera pa mwala wa dayamondi kwa amene ali ndi makina ake.

Chimene chinandichititsa manyazi si umbuli wanga wokha ayi. Ndinazindikira kuti ndinkaphunzitsa ana kucheka, kupala ndi kulumikiza, koma m'mapulani anga onse a ntchito munalibe phunziro ngakhale limodzi la kasamalidwe ka zipangizo. Ambiri mwa anawa akamaliza sukulu amakayamba ndi sowo imodzi yogula movutikira. Akadzaona utsi adzachita zimene ndinachita ine: kuikakamiza kapena kuitaya.

Kuyambira pamenepo mphindi 20 zomaliza za Lachisanu lililonse zinakhala za kutsuka. Ine ndimamasula sowo ndi timipeni, ana awiriawiri mosinthana amaviika, kukwecha ndi kuumitsa, kenaka amalemba m'kope tsiku ndi zimene aona pa mano. Ndisanawauze chilichonse ndimawapatsa thabwa lopsa m'mbali n'kuwafunsa kuti, “Chachitika n'chiyani apa?” Pafupifupi onse amayankha kuti sowo yabuntha. Ndimawapatsa mswachi.

Ana a chaka chimenecho anayesedwa pa sowo yomwe ija, ndipo inatumikira zaka zina ziwiri isanapite konoletsa. Inu pa sukulu panu, ndi zipangizo zingati zimene zili m'kabati chifukwa wina ananena kuti zinatha? Sabata ino katulutseni chimodzi, muchitsuke kaye, ndipo mulembe zimene mwapeza.