Kodi Nyenyezi idzaswa liti?

Kwathu ndi ku Angónia, kufupi ndi Ulongwe. Tiri ndi ng'ombe imodzi yamkaka. Dzina lake ndi Nyenyezi, cifukwa iri ndi banga loyera pamphumi. Mkaka wake timamwa, wina timagulitsa. Sopo, mcere ndi makaderno a ana, zonsezi zimacokera m'mawere a ng'ombe imeneyi.

Zaka ziwiri zapitazo tinataya thole. Mlandu unali wathu.

Titakolola cimanga, ng'ombe za m'mudzi zinkadyera pamodzi m'mapesi. Nkhunzi inakwera Nyenyezi, koma tsiku lake palibe analisunga. Tinangoona kuti mimba ikukula. Atate anati idzaswa mvula ikadzatha. Agogo anati iyayi, idzaswa pa nthawi ya maungu. Aliyense ananena zake, ndipo ife tinapitiriza kukama m'mawa ndi madzulo, poti ndalama ya mkaka ndi yokoma.

Tsiku lina Nyenyezi sinabwere kukhola. Usiku umenewo kunagwa mvula yamphamvu. M'mawa tinaipeza kudambo, thole liri gone m'matope. Linali litazizidwa, ndipo linali lisanayamwe. Tinalinyamula m'thumba, tinaliika pafupi ndi moto, koma linafa tsiku lacitatu. Nyenyezi nayo inali yowonda. Caka cimeneco mkaka unacepa, ndipo sopo tinagula pangongole.

Mlangizi wa ziweto atabwera anatifunsa funso limodzi: "Inakweredwa liti?" Tinangoyang'anana.

Iye anatiuza kuti ng'ombe imakhala ndi bere masiku ngati 283. Imeneyi ndi miyezi 9 ndi masiku 9. Ina imafulumira ndi sabata imodzi, ina imacedwa ndi sabata imodzi. Anatiuzanso kuti ng'ombe ya bere iyenera kuleka kukamidwa miyezi 2 isanaswe. Miyezi imeneyi thole limakula msanga m'mimba, ndipo mawere amafuna kupuma. Ife tinakama mpaka tsiku lomaliza.

Caka cotsatira tinasamala. Tinaona Nyenyezi ikulira, ikukwera zinzake, ikukana kudya. Tinadziwa kuti ikufuna nkhunzi. Inakweredwa pa 10 Abril. Amai anatenga kaderno yao ya kusukulu ya akulu. Analemba pang'onopang'ono, lapisi ikunjenjemera: 10 Abril. Tinawerenga ndi zala: Maio, Junho, Julho, mpaka Janeiro. Tinaonjeza masiku 9. Tinapeza 19 Janeiro.

Koma apa ndi pamene ambiri timaphonya. Si nthawi zonse ng'ombe imatenga bere ikakweredwa. Ikalephera, imafunanso nkhunzi patapita masiku ngati 21. Mlangizi anali atatichenjeza, ndiye tinauza mnyamata woweta kuti akhale maso sabata yacitatu. Pa 1 Maio anabwera akuthamanga. Nyenyezi inali itakweredwanso.

Amai anafafaniza tsiku loyamba, nalemba 1 Maio. Tinadikira masiku ena 21. Nyenyezi inakhala phee, nkhunzi osaiyang'ana. Tinadikiranso ena 21. Inali pheebe. Pamenepo tinawerenga kaciwiri: miyezi 9 kucokera pa 1 Maio ndi 1 Fevereiro, kuonjeza masiku 9 ndi 10 Fevereiro. Tikadasunga tsiku loyamba lija, tikadalakwa ndi masabata atatu.

Kubwerera m'mbuyo miyezi 2 tinapeza 10 Dezembro. Limeneli ndi tsiku loleka kukama. Kunena zoona, linatipweteka. Dezembro ndi mwezi wopalira, nkhokwe yayamba kutsika, ndipo ana akufuna zovala za Natal. Atate anati tikameko sabata ziwiri zokha. Amai sanayankhe. Anangotsegula kaderno, naiika pamphasa patsogolo pao. Tinaleka kukama.

Kaderno imanena sabata. Tsiku lenileni imanena ndi ng'ombe. Cakumapeto kwa Janeiro mawere anayamba kudzaza. Kumbuyo kwake kunatupa, ndipo kunkatuluka zoterera ngati therere. Tinaleka kuitumiza kudambo. Tinaimanga pafupi ndi nyumba, tikuipatsa udzu, gaga ndi madzi. Tinakonza mbali ina ya khola, tinafolera denga, tinayala udzu wouma.

Cizindikiro cimene timacikhulupirira kwambiri ciri pa mcira. Mbali zonse ziwiri, pamene mcira wayambira, pali minyewa yolimba ngati cingwe. M'mawa uliwonse tinkaigwira ndi zala. Pa 6 Fevereiro tinapeza yafewa, ndipo pakhala timaenje tiwiri. Mawere anali ataumbirira, mkaka ukudontha. Zikatere, kwatsala tsiku limodzi kapena maola cabe.

Usiku umenewo sitinagone. Nyenyezi inkagona, kudzuka, kugonanso, mcira uli m'mwamba. Nkhuku zisanalire, thumba la madzi linatuluka. Kenaka tinaona ziboda ziwiri zakutsogolo, mphuno iri pamwamba pake. Umu ndi mmene thole liyenera kubwerera. Mlangizi anati tisathamangire kukoka ndi zingwe. Anati pakapita maola 2 madzi atasweka thole osatuluka, kapena pakaoneka mcira kaya mwendo umodzi wokha, timuitane. Njinga inali yokonzeka pakhomo, koma sinafunike.

Nyenyezi inanyambita thole lake mpaka linauma. Dzuwa lisanatuluke linaimirira, ndipo tinalithandiza kupeza bere. Linayamwa cithuwi, mkaka woyamba wacikasu uja. Ena amautaya poyesa kuti ndi woipa. Ife sitinataye ngakhale dontho, cifukwa ndi umene umachinjiriza thole ku matenda, ndipo liyenera kuumwa m'maola 6 oyamba. Zotsalira zinatuluka zokha masana asanakwane.

Thole ndi lalikazi. Amai analemba mzere wina m'kaderno: 7 Fevereiro. Inafulumira ndi masiku atatu. Atate akuuza anzao kubwalo kuti iwo anadziwa kale ndi maso, ndipo ife sitikuwatsutsa.